Odwala mtima akabwerako kunja, amawaona ndani?

Sabata ino ndipempha awerengi athu andilole ndisiye kaye nkhani za zipani ndi mitengo ya feteleza, ndikambe za kanthu kakang'ono kosaposa kamtengo ka machesi, komwe madokotala amalowetsa mu mtsempha wa mtima. Ena anena kuti mkonzi wasowa cholemba. Ayi, sindinasowe. Nkhaniyi yandipeza pakhomo, ndipo ndikukhulupirira kuti yapezanso ambiri mwa inu amene muli ndi ana ku Joni, ku Ulaya kapena ku Amereka, amene mumasonkherana ndalama zotumizira kholo lanu kunja kukalandira chithandizo, kenaka n'kumaganiza kuti mwathana nazo.

Atsibweni anga amakhala ku Mchinji, kufupi ndi malire, kumene munthu amafika msanga ku Chipata kusiyana ndi ku Lilongwe. Iwowa ndi m'modzi mwa aMalawi amene anaoloka malire usiku m'zaka za m'ma 1970 atakangana ndi a yufi pa nkhani ya khadi la chipani, ndipo anakhala ku Zambia mpaka pamene lamulo lokhululukira othawa kwao linakhazikitsidwa mu 1993. Mu 2023 anayamba kumva chifuwa kulemera akamakwera kachitunda kochokera kudimba, ngati wina wawatsikizira thumba la mtedza pachifuwa. Akapuma pang'ono ululu unkaleka. Mwana wao wachisamba, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anawaitanitsa, ndipo kumeneko madokotala anapeza kuti umodzi mwa mitsempha yodyetsa mtima unali utathina kwambiri. Anawaika kawaya kotchedwa sitenti. Patapita masabata atatu anali kumudzi, atanyamula mankhwala a miyezi itatu, mapepala a m'Chingerezi ndi malangizo awiri: asaleke kumwa mankhwalawo kwa chaka chathunthu, ndipo akaonedwe ndi dokotala wa mtima pakatha miyezi 6. Tinapha mbuzi, amai a mvano anaimba, ndipo tonse tinati matenda atha.

Ndisanapitirize za atsibweni, ndifotokoze kaye za kawayaka ndi mbiri yake, poti m'mbiri imeneyi ndi m'mene muli nkhani yanga.

Mtima ndi mnofu, ndipo monga mnofu wina uliwonse umafuna magazi kuti ugwire ntchito. Magaziwo amadzera m'timitsempha tating'ono tokuta mtimawo, totakata mamilimita atatu kapena anai basi. Munthu akamakula, makamaka ngati amasuta fodya, ali ndi shuga kapena BP, mafuta amaunjikana m'khoma la mtsempha ndipo njira imanka nichepa monga m'mene matope amatsekera ngalande ya kudimba. Pa 16 September 1977 dokotala wina wa ku Germany, Andreas Gruentzig, akugwira ntchito mu mzinda wa Zurich, analowetsa kachubu kopyapyala mu mtsempha wa pamphechepeche wa wodwala, n'kukakankha mpaka kumtima, kenaka n'kufufumitsa kabaluni pamalo pothinapo. Njira inatseguka popanda kung'amba chifuwa. Dziko linaomba m'manja, koma sipanatenge nthawi kuti vuto lioneke: mwa odwala 10 alionse, atatu kapena anai ankabweranso miyezi 6 isanathe mtsempha utathinanso pamalo omwe aja.

Mu 1986 Jacques Puel ku Toulouse ndi Ulrich Sigwart ku Lausanne anayamba kusiya kawaya kolukidwa ngati mono m'kati mwa mtsempha kuti kazichirikiza khoma lisabwererenso. Iyi ndiyo sitenti. Inathandiza ndithu. Pa kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya amene zotsatira zake zinatuluka mu 1994, kuthinanso kunatsika kuchoka pa odwala 32 kufika pa 22 mwa 100 alionse. Komabe 22 si ochepa. Chifukwa chake n'chakuti thupi limaona malo otambasulidwawo ngati bala, ndiye limayamba kulipoletsa pomeretsa chipsera, ndipo chipseracho chimalowa m'mabowo a waya n'kudzadza njira ya magazi. Amene munaonapo chipsera chotukumuka pakhutu la mtsikana amene anaboola ndolo mukudziwa kuti thupi nthawi zina silidziwa polekera.

Apa ndi pamene panabadwira nzeru imene inkaoneka yoposa zonse. Madokotala ankadziwa kale kuti cheza cha nyukiliya, chomwe amaotchera khansa, chimaletsanso zipsera zotukumuka zija kumeranso. Ndiye anati bwanji sitentiyo izitulutsa yokha cheza chimenechi? Anaika m'chitsulo cha sitenti mchere wotchedwa phosphorus-32, umene cheza chake chimangoyenda mamilimita ochepa m'thupi ndipo mphamvu yake imatsika ndi theka pa masiku 14 alionse, kotero kuti pakapita miyezi ingapo waya amatsala wamba. Pa akalulu a m'nyumba zoyesera zinayenda bwino. Kuyambira cha m'ma 1996 anayamba kuyesa pa anthu ku Amereka ndi ku Ulaya. Pa pepala zonse zinali zokongola, chikomekome cha mkuyu.

Nyerere zake zinaonekera ku Milan, m'dziko la Italy, kumene gulu la Antonio Colombo ndi Remo Albiero linaika masitenti a cheza mwa odwala 82, ena a mphamvu yochepa, ena yapakati, ena yochuluka. Patatha miyezi 6 anawaitana odwalawo kuti ajambulenso mitsempha yao, ngakhale amene ankati akupeza bwino. M'kati mwa sitenti munali moyera, ndipo mwa amene analandira mphamvu yochuluka munalibe ndi m'modzi yemwe amene anathina m'kati. Koma kumathero kwa waya, uku ndi uku, mtsempha unali utafinyika. Ataphatikiza zonse anapeza kuti malo pakati pa 41 ndi 52 mwa 100 alionse anali atathinanso, zoipa kuposa sitenti wamba yopanda cheza. Pa chithunzi mtsemphawo unkaoneka ngati switi ya m'pepala, yonenepa pakati, yopotedwa mbali zonse ziwiri, ndipo dzina limeneli ndi limene linakhazikika pakati pa madokotala.

Chinachitika n'chiyani? Baluni yofufumitsira sitenti imavulaza mtsempha kupitirira pamene waya wathera, pamene cheza chimafooka msanga chikangofika kumathero. Ndiye kuti m'mbali munali bala koma mankhwala osakwanira. Anayesa kukonza. Anaonjezera mphamvu, anachepetsa kufufumitsa baluni, anapanga masitenti a cheza chochuluka kumathero, anapanganso ena opanda cheza kumathero. Kuthina kunkangosuntha malo. Ku Rotterdam, m'dziko la Netherlands, gulu la Patrick Serruys linadikira mpaka chaka chathunthu ndipo linapeza kuti ngakhale m'kati muja chipsera chinkabwera ndithu mochedwa, cheza chitatha mphamvu. Masitenti a cheza anathera pomwepo, osafika pamsika. M'malo mwake munalowa masitenti opakidwa mankhwala, amene Eduardo Sousa anayamba kuyesa ku São Paulo kumapeto kwa 1999, navomerezedwa ku Ulaya mu 2002 ndi ku Amereka mu 2003. Amenewa ndi amene odwala ambiri amaikidwa masiku ano, atsibweni anga omwe, ndipo anatsitsa kuthinanso kufika pa anthu osakwana 10 mwa 100.

Pano wina asandimve molakwa n'kuyamba kuopa cheza cha kuchipatala. Cheza chomwechi, chikaperekedwa ndi muyeso wake ndi pamalo pake, ndi chimene chikuchiza khansa, ndipo titadikira zaka zambirimbiri boma linatsegula malo ake oyamba otere ku Lilongwe mu 2025. Amene akuuzidwa kupita kumeneko apite.

Chimene chandigwira mtima m'mbiri yonseyi si luso la azunguwo ayi. Ndi chakuti iwo eni anabwerera kukaona ntchito ya manja ao, ndipo atapeza kuti yalephera ananena poyera. Tsiku loika sitenti wodwala aliyense ankatuluka akumwetulira, ndipo pakanakhala nduna yodula riboni ikanalankhula za chitukuko mpaka dzuwa kulowa. Choonadi chinadziwika patatha miyezi 6, chifukwa chakuti panali kaundula wa maina, panali munthu woitana odwala, ndipo panali magazini yosindikiza nkhani yowawa. Mu January 2000 magazini ya madokotala a mtima ya Circulation inasindikiza zotsatira za ku Milan pamodzi ndi ndemanga ya Serruys yonena kuti switiyo akuikonda koma pepala lake akudana nalo. Panali ndalama za makampani zimene zinalowa m'madzi, panali mbiri ya akatswiri imene inadetsedwa, koma palibe amene anatsekeredwa ku Mikuyu chifukwa chonena kuti chinthu chalephera.

Ife amene tinakula m'nthawi ya chipani chimodzi tikudziwa kulemera kwa mau amenewa. Dziko lino linalamulidwa zaka 30 ndi dokotala wophunzira ku Meharry ndi ku Edinburgh, koma sukulu yophunzitsa madokotala inadzatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ulamuliro wake uli kumapeto. Pamene maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yao pa 8 March 1992, mwa zina anadandaula za kuthithikana m'zipatala ndi kusiyanitsa anthu polandira chithandizo. Yankho la boma linali kuwaitanira kupolisi, kuletsa kalatayo ndi kuthamangitsa Monsignor John Roche m'dziko muno. Chaka chotsatira mwini wake atadwala anakwezedwa ndege kupita ku Garden City Clinic ku Johannesburg kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu, ndipo ndi komweko kumene anakamwalirira pa 25 November 1997. Tinavota pa 14 June 1993 kuti zoterezi zithe. Koma pa 5 April 2012, pamene mtima wa Bingu wa Mutharika unaima ku Lilongwe, nzeru yoyamba ya akuluakulu inali yomweyo, kufuna ndege ya ku South Africa ndi kubisira mtundu choonadi kwa masiku awiri. Matipate anatipatsa ufulu wolankhula, koma chizolowezi chobwerera kukaona ngati chimene tinachita chikugwirabe ntchito sitinachiphunzire.

Tsopano ndibwerere kwa atsibweni. Mankhwala a ku Joni atatha, asipirini sanavute, amapezeka ngakhale pa okala. Koma mnzake uja, wotchedwa clopidogrel, pa chipatala chimene amapitako anawauza kuti palibe, akagule. Nthawi zina tinkawatumizira kuchokera ku Lilongwe, nthawi zina mdzukulu ankakwera kabaza kukaufuna kutsidya, ndipo panali masabata amene anangokhala osamwa. Awerengi amvetse bwino apa, pakuti zoopsa zilipo ziwiri zosiyana. Mankhwala awiriwa ntchito yao ndi kuletsa magazi kuundana pa waya, zimene zingatseke mtsempha nthawi imodzi n'kupha munthu ali chiimire. Pamenepa Mulungu anangotichitira chifundo. Kuthinanso kochokera ku chipsera ndi kwina, kumabwera pang'onopang'ono ngakhale munthu akumwa mankhwala mokhulupirika, ndipo kumakonda anthu a shuga monga atsibweni. Chizindikiro chake ndi kubwereranso kwa ululu wakale uja.

Mwezi wa 6 unadutsa osaonedwa ndi aliyense, poti panalibe amene anawaitana, ndipo ife abale, ndivomere, tinali titaiwala. M'mwezi wa 8 anandiimbira foni.

"Mphwanga, kodi kawaya kaja kamachita dzimbiri?"

"Ayi atsibweni, sikachita dzimbiri. Bwanji mwafunsa choncho?"

"Thumba la mtedza lija labwereranso. Dzulo ndapuma kawiri ndisanafike pa mjigo."

Anali atapita kale kuchipatala kawiri. Ulendo woyamba anapatsidwa mankhwala a zilonda za m'mimba. Ulendo wachiwiri anaonetsa mapepala a ku Joni, ndipo mnyamata amene anawaona, amene ndikumva kuti anali ndi mzere wa anthu mpaka panja, anawerenga mwaulemu n'kuwauza moona mtima kuti zimenezi n'zoposa zida zimene ali nazo. Sindikumuimba mlandu. M'kabuku kao ka kuchipatala munalibe ndi liu limodzi lonena kuti munthuyu ali ndi chitsulo mumtima. Tinagulitsa ng'ombe ziwiri, mwana uja anakongola kuntchito, ndipo atsibweni anakweranso basi. Chimene madokotala anapeza ndi chomwe chija cha ku Milan, kungoti mbali imodzi: m'kati mwa sitenti munali bwino, koma kumathero kwake mtsempha unali utafinyika. Anautsegulanso. Lero ali moyo, akudandaula za mtengo wa soya monga kale.

Ife tinali ndi ng'ombe ndi mwana ku Joni. Nanga amene alibe? Boma lathu, kuyambira kale mpaka lero, limatumiza odwala ena kunja, makamaka ku India, pa ndalama za misonkho, ndipo timamva kawirikawiri za mndandanda wa amene akudikira ndi za kusowa kwa ndalama zakunja. Koma kodi ndi liti pamene a unduna wa za umoyo anaimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kutiuza kuti mwa odwala mtima amene tinawatumiza chaka chakuti, angati ali moyo, angati akumwabe mankhwala, angati anadwalanso? Ine m'zaka zanga zonse za utolankhani sindinamvepo phungu akufunsa funso limeneli. Timawerenga okwera ndege, obwerako sitiwawerenga. Tsono tidziwa bwanji ngati chipatala chimene tikulipira kunjako chikugwira ntchito yabwino? Tidziwa bwanji ngati sitikutaya mamiliyoni pa opaleshoni kenaka n'kumutaya munthu yemweyo chifukwa cha mbulu wa mankhwala? Walira mvula walira matope. Boma likavomera kulipira sitenti lavomeranso chaka chonse chotsatira.

Ndipo vutoli limakula munthu akamatalikira likulu. Mchinji ndi boma la anthu opitirira 600,000 malinga ndi kalembera wa 2018. Kuchoka pa boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, ndipo wochokera ku Mkanda kapena ku Kapiri ayambe wafika kaye pamseu waukulu. Mu December 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia anatsegula nyumba zokongola za pachipata cha Mchinji ndi Mwami kuti magalimoto a katundu asamachedwe, ndipo n'zoyamikika. Koma mbiri ya wodwala sioloka nao pachipatapo. Munthu wa kumalire amalandira mankhwala uku lero, mawa kutsidya, mkuja ku Joni, ndipo palibe dokotala ndi m'modzi yemwe amene akudziwa nkhani yake yonse. Sindikufuna kukoka fanizo mpaka kuduka, koma nditaona chithunzi cha mtsempha wa atsibweni, pakati potakasuka, kumathero kofinyika, ndinaganiza za mapu a dziko lathu.

Sindikupempha kuti pa Mchinji pamangidwe nyumba yoikira masitenti. Zimenezo n'za mtsogolo, ndipo andale akazilonjeza pa msonkhano muziwafunsa za madokotala ndi magetsi. Ndikupempha zinthu zimene mlembi wamkulu wa unduna angalamule ndi kalata imodzi. Pakhale kaundula wa aMalawi onse amene anaikidwa sitenti, kaya anapita pa ndalama za boma kaya za ana ao, ndipo dzina lililonse litumizidwe kwa mkulu wa za umoyo wa boma limene munthuyo akukhala, kuti mankhwala ake aziitanitsidwa ndi dzina monga m'mene timachitira ndi ma ARV ndi mankhwala a TB. Pa matenda amenewo tinaonetsa kale kuti tingathe: munthu akajomba, alangizi a za umoyo amamulondola mpaka pakhomo pa njinga. Chovuta n'chiyani kuchita chimodzimodzi kwa anthu ochepa chonchi? Dokotala wa mtima azifika m'zipatala za m'maboma pa masiku odziwika, olengezedwa pa wailesi, atanyamula makina oyezera kagundidwe ka mtima. Ndipo kamodzi pachaka unduna uzisindikiza zotsatira, zabwino ndi zoipa zomwe, popanda maina a odwala koma ndi maina a zipatala zakunja zimene zinalandira ndalama zathu.

Pali chinanso chimene sindingachisiye. Kafukufuku amene unduna womwewu unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti munthu m'modzi mwa atatu alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa n'komwe. Ife timati awa ndi matenda a mabwana a mimba zazikulu, koma atsibweni anga ndi munthu woonda, wa khasu, amene anasuta chingambwe zaka 40. Anthu ofuna sitenti achuluka m'zaka zikubwerazi, ndipo makina oyezera BP a pa chipatala chaching'ono, okhala ndi mabatire ake, angapulumutse anthu ambiri kuposa ndege.

Kwa inu abale amene muli ndi kholo loti lipite kapena labwerako kumene, musatuluke m'chipatala chakunja opanda kalata yonena tsiku, mtsempha umene anautsegula, mtundu ndi kukula kwa sitenti, ndi maina enieni a mankhwala, osati maina a kampani okha. Mukafika kuno pemphani kuti zimenezi zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala. Musalole wodwala kusiya mankhwala aja pokhapokha dokotala atanena, ngakhale pofuna kuzula dzino. Ululu wakale ukayambiranso poyenda, musadikire kuti mukolole kaye. Ukabwera munthu ali chikhalire, ndi thukuta, osaleka, imeneyo ndi ngozi ya nthawi yomweyo, pezani galimoto.

Mafunso amene ndafunsa pamwambapa tawatumizanso mwa kalata ku likulu la unduna wa za umoyo ndi kwa aphungu onse a m'boma la Mchinji, ndipo yankho lililonse limene libwere tidzalisindikiza pa tsamba lino lonse lathunthu, osachotsapo kanthu. Atsibweni akuyenera kuonedwanso mwezi wa mawa. Tsikulo ndalilemba ndekha pa kalendala ya mu ofesi muno, ndipo ng'ombe zatsala zitatu.